Kulowa mu psychology muli ndi digiri ya zina: zoti mudziwe musanalipire fizi

Kuno ku Lilongwe tilipo ambiri amene ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku ndi kumvetsera mavuto a anthu, koma pepala lathu limanena zina. Wina anachita zaulimi ku Bunda, lero bungwe lake linamuika pa ntchito yoteteza ana. Wina ndi namwino, wina ndi m'busa, wina ndi mphunzitsi amene atsikana a fomu 3 amamudikirira pakhomo la stafu zinthu zikavuta kunyumba. Ine ndinachita zauphunzitsi ku Zomba, ndinaphunzitsa kusekondale, kenako ndinalowa ntchito m'bungwe lina lothandiza achinyamata. Psychology ndinaiphunzira mochedwa, pa intaneti, ndili kwathu ku Area 25, kudzera mu kosi imene a ku Britain amaitcha conversion. Anzanga akamva zimenezi amandifunsa kuti ayambire pati, ndipo ambiri amabwera atasankha kale yunivesite asanadziwe kuti pepalalo likawafikitsa kuti.

Kosi ya conversion ndi masters imene anaikonzera munthu amene ali ndi digiri yoyamba ya phunziro lina. Wophunzira tsiku lonse amaimaliza m'chaka chimodzi, wophunzira akugwira ntchito amatenga zaka ziwiri kapena kupitirirako. Imapanikiza m'nthawi yochepayo maziko amene mwana wa ku Britain amawaphunzira zaka zitatu pa digiri ya psychology. Ikakhala yovomerezeka ndi British Psychological Society (BPS), bungwe la akatswiri a phunziroli lomwe linayamba mu 1901, womaliza bwino amayenerera Graduate Basis for Chartered Membership, imene aliyense amangoti GBC. Kuti muyenerere, malikisi anu onse akaphatikizidwa asachepere 50 peresenti, ndipo kafukufuku wa kumapeto mumukhoze.

Ndinene mosapita m'mbali: GBC sikupangani kukhala psychologist woona odwala. Ili ngati MSCE kwa munthu wofuna udokotala. Popanda iyo simulowa, koma kukhala nayo sikukupatsani chilolezo chogwira wodwala. Ku Britain komweko, kuyambira mu 2009, amene amasunga kaundula wa akatswiriwa ndi Health and Care Professions Council, ndipo mayina ngati clinical psychologist, counselling psychologist ndi educational psychologist ndi otetezedwa ndi lamulo. Wofuna kukhala clinical psychologist amachita digiri ya udokotala wa phunziroli ya zaka zitatu akatha kupeza GBC. Malo ake ndi ochepa, ambiri amalipiridwa ndi NHS, nthambi ya boma yoyendetsa zipatala kumeneko, ndipo amapita kwa anthu amene ali ndi ufulu wokhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo. Nthambi zina, monga ya zapantchito, ya zaumoyo ndi ya zamilandu, zimafuna masters ina kenako zaka za kugwira ntchito pansi pa woyang'anira. Mu conversion yeniyeniyo mulibe chipatala, mulibe wodwala, ndipo palibe amene adzakhale pambali panu kukuonerani mukupereka uphungu. Ndi kosi ya mabuku, manambala ndi kafukufuku.

Chifukwa chake musanayang'ane yunivesite iliyonse, khalani pansi mudziyankhe kuti mukufuna kudzagwira ntchito yanji, ndiponso kuti.

Ngati cholinga chanu ndi kuona odwala kuno ku Malawi, ulendo wanu woyamba ukhale wa ku Medical Council of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 ndipo limalembetsa ogwira ntchito zachipatala. Anamwino ali ndi bungwe lawo, Nurses and Midwives Council of Malawi. Wachiwiri ukhale wa ku National Council for Higher Education (NCHE), kumene amaunika mapepala ochokera kunja. Mwayi wathu ife a ku Lilongwe ndi woti maofesi onsewa ali mumzinda momwe muno, pamene mnzathu wa ku Karonga ayenera kugona m'basi. Musapite manjamanja. Tengani dzina lenileni la kosi, dzina la yunivesite, mndandanda wa maphunziro ake, ndi kalata yanu yofunsa zinthu ziwiri: kodi pepalali mudzaliona kuti ndi la mlingo wanji, nanga munthu amene ali nalo adzafunikanso chiyani kuti alowe m'kaundula. Pemphani kuti yankho likhale lolembedwa. Kosi imatenga zaka, ndipo amene anakuyankhani pakamwa mwina simudzawapezanso pa desikiyo. GBC ndi ya bungwe la ku Britain. Malamulo a kuno sayendera iyo, ndiye musaganize kuti chidindo cha kumeneko chitsegula chitseko cha kuno chokha.

Ngati chimene mukusowa ndi luso lokhala ndi munthu wosweka mtima n'kumuthandiza, ndingakulangizeni kuti muyambe mwayang'ana konkuno. Sukulu ya zaumoyo ya Saint John of God ku Mzuzu imaphunzitsa uphungu ndi chisamaliro cha odwala matenda a maganizo, ndipo ophunzira ake amakumana ndi anthu enieni. Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ili ndi dipatimenti yoona za matenda a maganizo, ndipo University of Malawi ku Zomba ili ndi dipatimenti ya psychology. Fizi yake ndi ya makwacha, aphunzitsi ake amadziwa zimene odwala athu amabwera nazo. Ena amasankha njira ya ku South Africa, kumene munthu amachita maphunziro a psychology a digiri yoyamba, kenako Honours, kenako masters imene amasankhira anthu ochepa kwambiri, internship, ndi mayeso a Health Professions Council of South Africa. Ndi yaitali, koma kumapeto kwake kuli kaundula.

Conversion imakomera munthu wofuna maziko olimba a sayansi ya phunziroli kuti apitirize maphunziro apamwamba, alowe ntchito za kafukufuku, kapena ayendetse mapologalamu a thanzi la maganizo akudziwa chimene akuchita. Ntchito zotere zilipo. Namondwe wa Freddy atawononga m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, mabungwe anafuna anthu odziwa kuthandiza osweka mtima. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, ntchito imeneyi siitha. Kuno ku Lilongwe ofufuza ayesapo njira ya Friendship Bench, imene anaiyambitsa Dixon Chibanda ku Zimbabwe, yoti anthu wamba ophunzitsidwa bwino azipereka uphungu pansi pa oyang'anira. Ntchito ngati imeneyo imafuna anthu odziwa kuyeza ngati thandizo likugwiradi.

Mawu amodzi kwa amene anachita psychology yambiri pa digiri yoyamba ku Zomba: mwina conversion simukuifuna n'komwe. BPS imaunika madigiri akunja limodzilimodzi. Atumizireni transcript yanu ndi tsatanetsatane wa zimene munaphunzira, amve okha. Ndalama yolipira pamenepo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi fizi ya masters.

Kusankha kosi

Musakhulupirire zotsatsa za pa Facebook, ngakhale zikhale ndi chizindikiro chokongola bwanji. Pa webusaiti ya BPS pali mndandanda wa makosi onse ovomerezeka. Fufuzani pamenepo dzina la yunivesite, dzina la kosi lilembo ndi lilembo, ndi kaphunziridwe kake, chifukwa chivomerezo chimaperekedwa kwa kosi inayake osati kwa yunivesite yonse. Yunivesite imodzi ikhoza kukhala ndi masters zingapo zokhala ndi mawu oti psychology kapena mental health m'dzina, koma yopereka GBC n'kukhala imodzi yokha. Pakati pa amene akhala akuphunzitsa conversion pa intaneti pali University of Glasgow, University of Derby ndi Arden University, koma onetsetsani kuti chaka chimene mukulowacho kosiyo ikadali pa mndandanda.

Kenako lemberani ofesi yolandira ophunzira musanalipire kalikonse. Mayunivesite a ku Britain amasiyana kaonedwe ka digiri ya ku Malawi: ena amailandira ikakhala ndi malikisi abwino, ena amafuna kuti mukhale ndi masters kaye. Kawirikawiri mlingo umene amatchula ndi 2:2 kapena 2:1 ya kwawoko, ndipo ambiri a ife tinatuluka ndi Pass, Credit kapena Distinction, choncho afunseni kuti pepala lanu alionera pati. Ena adzakutumizani ku UK ENIC, bungwe limene limayerekeza mapepala akunja ndi a ku Britain. Funsaninso ngati zaka zimene mwagwira ntchito amaziwerengera, ngati mayeso amalembedwa pa intaneti kapena pamafunika kupitako, ndiponso ngati fizi amalola kulipira phunziro limodzi panthawi. Funso lomalizali ndi limene lidzakupulumutseni.

Transcript yambani kuiitanitsa msanga, miyezi ingapo nthawi yofunsira malo isanakwane, makamaka ngati munamaliza kale kwambiri. Kumbukirani kuti mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu, ndiye amene anaphunzira ku Polytechnic mapepala awo akawafunse ku MUBAS, a ku College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing ku KUHeS. Za Chingelezi, mayunivesite ena amakhutira ndi kalata yosonyeza kuti digiri yanu munaiphunzira m'Chingelezi, ena amafuna mayeso a Chingelezi a IELTS, kawirikawiri mlingo wa 6.5. Musalembe mayesowo asanakuuzeni kuti akufunika, chifukwa zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

Ndalama

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo si chifukwa cha ulesi. Fizi ya kosi ya pa intaneti nthawi zambiri ili m'dera la mapaundi 10,000, ina kucheperako, ina kupitirira. Yokaphunzira komweko kawirikawiri imadutsa mapaundi 15,000, osawerengera nyumba, chakudya, visa, kuyezetsa TB, ndi ndalama ya zaumoyo imene ophunzira akunja amalipira. Kuyambira mu Januwale 2024 wophunzira masters yotere saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana pa visa yake, ndiye amene muli pabanja kambiranani bwino.

Vuto lathu ndi loti malipiro timalandira m'makwacha pamene ngongole ili m'mapaundi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali pakati pa kosi anadzuka m'mawa n'kupeza kuti fizi yotsala yakwera popanda yunivesite kuwonjezera ngakhale paundi imodzi. Powerengera bajeti yanu musagwiritse ntchito mtengo wa lero ngati kuti udzakhala choncho zaka ziwiri.

Ndipo kukhala ndi makwacha si kukhala ndi mapaundi. Ndimakumbukira nditakhala pa mpando wa kubanki ndi envulopu ya khaki m'manja, mkati muli invoice ya yunivesite, kalata yondilandira, fotokope ya pasipoti ndi fomu yopemphera ndalama zakunja. Mayi amene ankandithandiza anaunika pepala lililonse, anadinda, kenako anandiuza mwaulemu kuti pempho langa lalowa pamzere ndipo andiimbira zikapezeka. Tsiku lomaliza kulipira linali pafupi. Chimene chinandithandiza n'choti ndinatuluka ndi fotokope ya fomu yodindidwayo, ndinaijambula ndi foni, n'kuitumiza ku ofesi ya zachuma ya yunivesite ndi mawu ochepa ofotokoza mmene zilili ndalama zakunja kuno. Anandiwonjezera nthawi. Choncho pempho lanu kubanki liperekeni invoice ikangofika, ndipo yunivesite muziiuza tsiku lisanadutse. Funsaninso poyamba pomwe ngati amalola kupumira kosi kwa miyezi ingapo osataya zimene mwakhoza kale.

Masikolashipu alipo, koma werengani malamulo ake bwinobwino. Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi yokaphunzira ku Britain komweko, osati ya pa intaneti. Imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito maola osachepera 2,800, omwe ndi ngati zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Commonwealth Scholarship Commission ili ndi thandizo la ophunzira pa intaneti, koma la makosi amene iwo asankha chaka chimenecho. Maganizo anga ndi oti conversion ndi yovuta kuigulitsa kwa opereka sikolashipu ngati mungolemba kuti mumakonda kuthandiza anthu. Lembani ntchito imene mwagwira kale, vuto limene mwaliona ndi maso, ndi chimene mudzachite mukabwerera.

Zimene mudzakumane nazo m'kalasi

Maphunziro ake ndi ofanana pafupifupi paliponse chifukwa BPS ndiyo imatchula zofunika: mmene ubongo ndi thupi zimakhudzira khalidwe, mmene munthu amaganizira ndi kukumbukira, kakulidwe ka munthu kuyambira ali khanda, kusiyana kwa anthu, khalidwe la munthu pagulu, mbiri ya phunziroli, ndi njira za kafukufuku. Ambiri amalowa akuyembekezera nkhani za matenda a maganizo, n'kupeza kuti gawo lalikulu ndi statistics. Ngati masamu munasiyana nawo pa fomu 4, musachite mantha, koma musadikire kuti kosi iyambe. Ikani pa laputopu yanu jamovi kapena JASP, mapologalamu aulere, muzisewera nawo madzulo. Mayunivesite ambiri amagwiritsa ntchito SPSS, pamene a ku Glasgow amadziwika ndi kuphunzitsa R. Ine ndinatenga malikisi akale a kalasi imene ndinkaphunzitsa, nditachotsa mayina, n'kumayeserera kuyerekeza anyamata ndi atsikana, teremu yoyamba ndi yachitatu. Manambala a ana amene ndinkawadziwa ankamveka msanga kusiyana ndi a m'buku.

Chinanso chimene chidzakuvuteni ndi kalembedwe. Amafuna kuti mfundo iliyonse ikhale ndi umboni wochokera ku kafukufuku, kutchula magwero motsatira ndondomeko ya APA, ndiponso kuti muzitsutsa zimene mwawerenga osati kungozibwereza. Ife amene tinakulira pa kulemekeza buku ndi mphunzitsi zimatitengera nthawi. Koma pomwepo ndi pamene Mmalawi ali ndi chonena. Kafukufuku wambiri wa m'mabukuwo anachitika pa ophunzira a m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America. Mukamawerenga za kulera ana, dzifunseni ngati wolembayo ankaganizako za mwana woleredwa ndi agogo, azakhali ndi amalume. Zimenezo mukazilemba ndi umboni, malikisi amabwera.

Za nthawi: Britain imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi yotsalayo maola awiri. Kalasi ya 6 koloko madzulo kwawoko m'Disembala ndi 8 koloko usiku kuno. Ntchito yanu muziitumiza kutatsala tsiku lathunthu, chifukwa magetsi akazima kapena netiweki ikagwa pa ola lomaliza, kompyuta ya yunivesite simva zifukwa. Mavidiyo a maphunziro atsitseni mukapeza intaneti yabwino, mudzawaonere kunyumba popanda kudya bandulo.

Kafukufuku wa kumapeto

Uyu ndiye mtima wa GBC, ndipo kwa ife ophunzira tili kuno ali ndi msampha wake. Yunivesite idzakupatsani chilolezo chake cha kafukufuku, koma ngati mukufunsa anthu m'Malawi muno, mukufunikanso cha kuno. Pansi pa National Commission for Science and Technology pali makomiti awiri, National Health Sciences Research Committee ya zaumoyo ndi National Committee on Research in the Social Sciences and Humanities ya za chikhalidwe cha anthu. Mayunivesite athu nawo ali ndi makomiti awo, monga COMREC ya ku KUHeS. Amalipiritsa, ndipo amakumana pa masiku awo osati anu. Muuzeni supervisor wanu zimenezi mwezi woyamba, chifukwa ambiri a iwo anazolowera wophunzira amene amangotumiza mafunso pa intaneti kwa anzake.

Sankhani mutu waung'ono ndi anthu akuluakulu amene si odwala. Makosi ambiri salola wophunzira wa mlingo uwu kufunsa ana kapena odwala, ndipo akulondola. Ngati mukufuna mafunso oyezera nkhawa ndi kuvutika maganizo, musamasulire nokha usiku umodzi. SRQ-20 ya World Health Organization ndi PHQ-9 zinamasuliridwa kale m'Chichewa n'kuyesedwa pa anthu a kuno.

Wanga unali wa kupanikizika kwa aphunzitsi a kusekondale. Tsiku lina ndinakhala ndi bambo wina m'kalasi yopanda ana, mazenera otsegula, foni yojambulira mawu ili pa desiki pakati pathu. Tinayamba bwino, za kuchuluka kwa ana ndi kuchepa kwa mabuku. Nditafunsa za tulo, anakhala chete, anayamba kupukuta choko m'zala, kenako anati, “Madamu, zimitsani kaye kanthuko.” Ndinazimitsa. Anandiuza za katapila amene ankamudya malipiro asanafike n'kunyumba komwe, ndi maganizo amene ankamubwerera usiku. Panthawi imeneyo ndinali nditawerenga zambiri, koma sindinali phungu wake ndipo ndinalibe chilolezo chokhala phungu wake. Chimene ndinali nacho ndi pepala limene komiti inandikakamiza kukonza ndisanayambe, lokhala ndi malo amene munthu angapeze thandizo mumzinda muno, kuphatikizapo Saint John of God ku Area 43 ndi Kamuzu Central Hospital. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza, ndinamufunsa mwachindunji ngati anali ndi maganizo odzivulaza, ndipo tinagwirizana kuti m'bale wake amuperekeze. Pepala limenelo musalikonze mongokwaniritsa lamulo. Imbani foni pamalo aliwonse amene mwalembapo, mutsimikize kuti akugwiradi ntchito ndiponso masiku amene amalandira anthu.

Pamene mukuphunzira, funani malo oti muzigwirako ntchito pansi pa munthu amene ali kale m'kaundula, ngakhale mongodzipereka Loweruka lokha. Malo a Chikwanekwane othandiza ochitiridwa nkhanza, ma Victim Support Unit a polisi, ndi mabungwe a ku Dzaleka ndi ena mwa malo oyambira kufunsa. Sungani kabuku kolembamo tsiku, maola, ntchito imene munagwira ndi siginecha ya woyang'anira, osalembamo dzina la munthu amene munamuthandiza. Maphunziro aliwonse a clinical kapena counselling psychology amene mudzafunsire pambuyo pake adzafuna umboni umenewu pamodzi ndi kalata ya munthu amene anakuonani mukugwira ntchito.

Mukamaliza, GBC sibwera yokha ndi satifiketi. Mumafunsira umembala ku BPS, kutumiza transcript, ndi kulipira chaka ndi chaka, m'mapaundi. Satifiketiyo ipititseninso ku NCHE akaiunike, chifukwa olemba ntchito m'boma ndi m'mayunivesite a kuno adzafuna kalata yawo. Pa CV lembani dzina la digiri monga lilili pa satifiketi, ndipo dzina loti clinical psychologist mulisiye kufikira tsiku limene bungwe losunga kaundula lidzakulembeni.